Mashoko opindika sawongola ndi moto

Lachiwiri lililonse, kunja kusanayere, njinga zamoto zimakhala zayamba kale kutsetsereka kuchokera m'mapiri a ku Ntchisi ndi m'midzi yozungulira boma la Dowa kulunjika ku msika wa pa Dzaleka, womwe anzathu a m'kampu amautcha Mardi Marché. Zimabwera zitasenza matumba a kachewere, mabasiketi a tomato, anyezi, nkhuku zomanga miyendo, mwinanso mbuzi pakaliyala. Madzulo zimabwerera ndi sopo, mchere, mafuta ophikira ndi mabelo a kaunjika. Tonsefe amene timachita geni m'dera lino, kaya njinga tili nayo kaya tilibe, mpamba wathu umayenda pa matayala awiri. N'chifukwa chake sabata ino ndasiya kaye mitengo ya nyemba ndi soya kuti tikambirane za chitsulo.

Masabata angapo apitawo ndidaima pa kagalaji kena ka pansi pa lona pafupi ndi msikawo, kudikira kuti andimatire tayala. Padafika mnyamata akukankha Lifo, bondo litasupuka. Adati pamtsetse wina adazemba mbuzi n'kukagwera mu ngalande. Chiwongolero chinkayang'ana kwina, tayala kwina.

"Amisiri, ingondiwongolerani msanga," adatero. "Tageti ya lero sindinapeze, ndipo abwana asadziwe."

Mmisiriyo, bambo wachikulire amene anzake amangomutcha fundi, adagwada n'kusisita mapaipi a mashoko ndi dzanja, kenako n'kupukusa mutu. "Mwana wanga, paipi iyi yapindika pansi pa T. Ndikaiwotcha ndakupha. Kauze abwana ako tigule ina."

Mnyamata uja sadamvere. Adakankha njingayo kupita kwa wowotcherera wina, komwe adaifiiritsa paipiyo ndi gasi n'kuimenya nyundo mpaka diso lidavomereza kuti yawongoka. Pasanathe masabata atatu, mayi wina amene ndimadziwana naye, wogulitsa mazira, adakwera njinga yomweyo ndi mathireyi 12. Pamtsetse, buleki ya kutsogolo idakana chifukwa oyilo wodontha m'mashoko adali atanyowetsa mabuleki. Adagwa. Mazira onse adasweka, mayiyo adathyoka dzanja, ndipo mwezi wathunthu benchi lake lidakhala lopanda munthu. Mwini njinga adagulabe mashoko atsopano, n'kuwonjezerapo nyali, chiwongolero ndi limu.

Mfundo yanga lero ndi iyi: njinga yamoto ikagwa kapena kugunda chinthu ndi tayala la kutsogolo, isabwerere pamsewu mmisiri asanayeze mashoko, T, khosi ndi tayala. Ndipo paipi ya mashoko ikapezeka kuti yapindika, mankhwala ake si moto kapena nyundo. Mlandu wa zimenezi sindikuuika pa anyamata oyendetsa okha. Waukulu uli pa ife eni njinga, ogulitsa masipeya ndi amalonda okwera.

Chimene chili m'kati mwa mashoko

Ambiri timaona mashoko a kutsogolo, omwe ena amati foloko potengera njinga yakapalasa, ngati ndodo ziwiri zogwira tayala basi. Zoona zake n'zakuti mwendo uliwonse ndi paipi yonyezimira yomwe imalowa ndi kutuluka m'chigoba cha pansi. M'kati muli sipuling'i yonyamula kulemera, ndi oyilo amene amadutsa pa timabowo ting'onoting'ono kuti njinga isamadumphedumphe ngati mpira. Pakamwa pa chigobacho pali seal yotseka oyilo, ndipo pamwamba pake pali mphira yoteteza fumbi. Mapaipi awiriwo amagwidwa ndi zitsulo ziwiri, T ya pansi ndi ya pamwamba, zomwe zimazungulira pa mabering'i a m'khosi la njinga.

Zonsezi zimagwira ntchito pokhapokha mapaipi awiri ali owongoka ndiponso oyang'ana kumodzi. Mukagwira buleki, kulemera kwa njinga, woyendetsa, wokwera ndi thumba la makilogalamu 50 kumathamangira kutsogolo, ndipo mashoko ndiwo amakulandira. Paipi ikapindika pang'ono pokha, imakanirira m'chigoba. Tayala limaleka kutsata nthaka, limayamba kudumpha pa mabampu, ndipo tayala limene lili m'mwamba siligwira buleki komanso silikhota. Paipi yopindikayo imadyanso seal mbali imodzi, oyilo n'kuyamba kutsika ndi mwendo mpaka ku buleki. N'zimene zidachitikira mayi wa mazira uja.

Kupotoka si kupindika

Apa m'pamene ambiri amataya ndalama, ena pogula zimene sizidafunike, ena posiya kugula zimene zidafunika. Chiwongolero chikayang'ana kumbali njinga itagwa, sikuti nthawi zonse chitsulo chapindika. Kawirikawiri mapaipi amangopotoka m'mene agwidwira mu T, chimodzimodzi chiwongolero cha njinga yakapalasa chimene timawongola titapana tayala pakati pa miyendo. Vuto limeneli silifuna sipeya ayi.

Mmisiri wodziwa amaimika njinga pa sitandi ya pakati, n'kumasula pang'ono nati ya ekiselo, mabawuti a madigadi, mabawuti a T ya pansi ndi nati yaikulu ya pakhosi, koma osamasula zogwira mapaipi pamwamba kuti njinga isatsike n'kukhalira tayala. Akatero amaitsitsa pa sitandi, n'kugunditsa tayala kukhoma, n'kukanikiza chiwongolero pansi kangapo kuti mashoko alowe ndi kutuluka. Ngati kudali kupotoka chabe, zonse zimabwerera m'malo mwake zokha. Kenako amamanga kuyambira pamwamba kutsika pansi. Ntchito ya theka la ola, ndipo mumalipira dzanja lokha.

Kuti mutsimikize, funani kachidutswa ka galasi la zenera. Kagonekeni mopingasa pa mapaipi onse awiri onyezimira. Ngati kakhala bata, kukhudza mapaipi onse osagwedera, ndiye kuti ali pamzere umodzi. Kakamagwedera ngati tebulo la mwendo waufupi, ndipo mwamasula ndi kumanganso koma sizikusintha, dziwani kuti pali chapindika.

Apo ndiye tayala lichoke. Masulani zogwira mwendo umodzi, muuzungulitse paipiyo ikadali mu T, maso ali kumunsi. Mwendo wowongoka umazungulira pamalo amodzi. Wopindika kunsonga kwake kumayenda mozungulira ngati mthiko m'poto. Mukakayika, solotsani paipiyo m'chigoba, muipukute, muigubuduze pagalasi kapena pa tebulo lachitsulo losalala. Ikapindika imagubuduka modumphira ndipo kuwala kumaoneka pansi pake. Malo amene imakonda kupindikira ndi pansi penipeni pa T ya pansi, choncho yambani kuyang'ana pamenepo. Mabuku ambiri a makampani opanga njinga, kuphatikizapo a Honda, amati paipi ikapatuka kupitirira 0.2mm isinthidwe. Kumeneko ndi kukhuthala kwa mapepala awiri a m'kope la mwana wasukulu. Tsono amene akukuuzani kuti wawongola ndi diso, mufunseni ngati diso lake limaona mapepala awiri pa chitsulo chotalika ngati mkono.

Musaimire pa mapaipi pokha

Mphamvu imene yapinda paipi siithera pomwepo. Imakwera mu T, m'mabering'i, mpaka mu felemu. Ndaona anthu akugula mashoko atsopano n'kuwakakamiza kulowa mu T yopindika ndi nyundo, pakatha mwezi akudandaula kuti adawagulitsa zabodza, chonsecho wolakwa ndi T. Muyeso wake ndi wapafupi: paipi yowongoka ikalowa mu T ya pansi iyenera kukafika pabowo la T ya pamwamba yokha, popanda kuikankhira kumbali. Chimodzimodzi ekiselo. Iyenera kudutsa miyendo yonse iwiri ndi dzanja. Ikafuna nyundo, china chake sichili bwino. Ekiseloyonso igubuduzeni pagalasi.

Mabering'i a pakhosi muwayeze tayala la kutsogolo lili m'mwamba. Tembenuzani chiwongolero pang'onopang'ono kumanja ndi kumanzere. Chikamakodwa pakati ngati chagwera m'kadzenje, ndiye kuti timipira tachitsulo tadinda mabowo m'mbale zake pa nthawi ya ngozi. Gwiraninso miyendo yonse iwiri kumunsi, muikoke ndi kuikankha. Mukamva kugogoda, khosi lakhwepa. Kukhwepa amamanga, koma kudindika samanga. Pamafunika kusintha timipira ndi mbale zake zonse, n'kupaka girizi watsopano. Mabering'i amenewa ndi ena mwa masipeya otchipa pa njinga yonse, koma ndiwo amachititsa chiwongolero kugwedezeka mukathamanga pa phula la ku Lumbadzi.

Felemu ndiyo nkhani yaikulu. Yang'anani ndi tochi kumbuyo kwa khosi, pamene mapaipi a felemu adawotchereredwa. Penti akasweka kapena kutukumuka, kapena mukaona kamzere ka dzimbiri latsopano, chitsulo chasuntha. Onaninso mpata wa pakati pa tayala la kutsogolo ndi injini, muyerekeze ndi njinga ina ya mtundu womwewo. Ukachepa, kutsogolo kwabwerera m'mbuyo. Njira ina ndi ya chingwe: kokani chingwe mbali zonse ziwiri za tayala la kumbuyo mpaka kutsogolo, ndipo tayala la kutsogolo likhale pakati, mpata wofanana uku ndi uku. Ngakhale kukankha njinga mowongoka pa mchenga wonyowa kumaulula. Njinga yabwino imasiya mzere umodzi, yopindika felemu imasiya iwiri.

Pomaliza zungulitsani tayala mutaimika kamtengo pafupi ndi limu. Limu ikamavina kupitirira 2mm, masipoko akufunika dzanja la mmisiri kapena limuyo yatha. Gogodani masipoko ndi sipanala. Yolira mosiyana ndi zinzake yakhwepa kapena yaduka.

Chifukwa chake moto ndi mdani

Owotcherera ena ndi aluso ndithu, ndipo geti kapena ngolo amakonza bwino. Koma paipi ya mashoko si geti. Idapangidwa kuti ikhale yolimba mwa muyeso wake, ndipo kunja kwake adaikuta ndi chrome yosalala kuti seal izitsetsereka. Mukaifiiritsa ndi gasi, pamalo pamenepo chitsulo chimasintha. Chimafewa, ndipo bampu yotsatira chidzapindikira pomwepo mosavuta kuposa poyamba. Chrome imapsa n'kuyamba kusupuka, ndipo zipsera za nyundo zimakhala ngati lezala pa seal. Mudzagula seal lero, sabata yamawa ina, mpaka ndalama ya maseal idzakwana paipi imene munkaithawa.

Ndinene chilungamo. Paipi yopindika pang'ono, yopanda khwinya, itha kuwongoledwa osaiwotcha, pa makina okanikiza a press, mmisiri akuyeza ndi geji. Malo a makina otere ku Lilongwe alipo. Ngati njinga yanu ndi ya mtundu wosowa masipeya, njira imeneyo ilipo. Koma kwa Lifo, Kinglion, Boxer ndi zina zimene zadzaza pamasiteji athu, mukawerengera thiransipoti yopita m'tauni ndi kubwerera, malipiro a makina ndi masiku amene njinga yaima, nthawi zambiri paipi yatsopano ndiyo imatchipa. Ndipo paipi imene yachita khwinya, kapena imene idawongoledwapo kale, ngakhale wa makina woona mtima amaikana. Imeneyo ntchito yake ndi chogwirira cha khomo la khola.

Pamene mashoko ali pansi, malizanitu

Popeza mwamasula kale, musabwezeretse ndi oyilo wakale. Potsegula chotsekera cha pamwamba chenjerani, pakuti sipuling'i imachikankha ndipo chitha kukulasani pamaso. Khuthulani oyilo yense, tsukani m'kati ndi palafini, muumitse. Gonekani masipuling'i awiri pamodzi. Ina ikafupika kuposa inzake, sinthani zonse ziwiri. Maseal nawonso amasintha awiriawiri. Polowetsa seal yatsopano, phimbani nsonga ya paipi ndi kajumbo kopaka oyilo kuti isang'ambike, mbali ya zilembo iyang'ane kumwamba, ndipo muikhomere ndi kachidutswa ka paipi ya pulasitiki, osati sikuludiraiva. Kawaya kotsekera seal kalowe bwino mumzere wake.

Oyilo wake ndi wa mashoko, amene pabotolo amalemba 10W, kapena ATF ngati buku la njingayo likutero. Oyilo wakuda wochotsa mu injini, amene ena amathira poti ndi waulere, ali ndi zinyenyeswa za chitsulo zimene zimapala paipi ndi kutseka timabowo tija. Pa njinga zing'onozing'ono zathuzi, oyilo wolowa mwendo umodzi sadzaza ngakhale botolo la Fanta la 300ml, choncho palibe chimene mukupulumutsa. Muyeso weniweni uli m'buku la njinga kapena kwa ogulitsa mtundu umenewo. Yezani ndi sirinji yaikulu, ndipo miyendo yonse ilandire mofanana. Mukachulutsa, mashoko amauma ndipo seal imaphulika. Mukachepetsa, amagunda pansi pa dzenje lililonse.

Fumbi la miyezi ya Seputembala ndi Okutobala m'misewu ya Dowa ndi Ntchisi, ndi matope a dzinja, ndiwo adani a seal. Mphira zopindapinda zophimba mapaipi musazitaye zikang'ambika n'kumayenda mapaipi ali pamtunda. Gulani zina. Ndipo ntchito ikatha, mmisiri kapena woyendetsa ayambe wayesa njingayo yopanda katundu ndi wokwera, agwire buleki kangapo, aone ngati sikukokera mbali imodzi.

Ndalama zake zichoka kuti?

Ndikudziwa yankho la ambiri: kulankhula n'kosavuta, masipeya akwera. Sindikutsutsa. Masipeya onsewa amachokera kunja, ndipo kuyambira pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene mwamva lero sukhala womwewo mwezi wamawa. N'chifukwa chake sindikulemba mitengo pano. Funsani m'mashopu atatu musanagule, pa Dzaleka pomwepo, pa Lumbadzi kapena pa Mponela, ndipo ngati muli ndi wopita m'tauni afunsenso ku Malangalanga.

Koma tiyeni tiwerengere mwa masiku a tageti, pakuti muyeso umenewo sutsika mphamvu. Kuimika njinga kuti iyezedwe kukudyerani tsiku limodzi. Tiyerekeze kuti paipi, maseal ndi oyilo zakudyerani tageti ya sabata ziwiri. N'zowawa, koma njinga ibwerera ndipo ibweza. Tsono ikani mbali inayo: mashoko omwewo mudzagulabe, kuphatikizapo nyali, limu, thanki yophwanyika, katundu wa mwini wake amene muyenera kulipira, njinga kusungidwa kupolisi, ndi woyendetsa ali m'chikhakha miyezi iwiri. Madokotala a mafupa ku Lilongwe akhala akudandaula za kuchuluka kwa ovulala pa ngozi za kabaza, ndipo amene adadikirirapo wodwala ku Kamuzu Central Hospital amadziwa mmene ndalama imathera pa thiransipoti ndi chakudya, ngakhale chipatalacho n'chaulere. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Kwa inu eni njinga

Ambiri a ife tidagula njinga ndi phindu la golosale, la fodya kapena la soya, n'kuipereka kwa mnyamata kuti azitibweretsera tageti tsiku lililonse. Bwererani ku mawu a mnyamata uja: abwana asadziwe. Sadanene zimenezo chifukwa choipa mtima. Amadziwa kuti akaulula, tsiku limenelo tageti aifunabe, mtengo wa sipeya amudula, mwinanso makiyi amulanda. Mgwirizano wotere umaphunzitsa woyendetsa kubisa, ndipo chimene akubisacho ndi chuma chanu chomwe.

Sinthani mgwirizanowo, ndipo mulembe papepala. Woyendetsa akagwa n'kuulula tsiku lomwelo, tsiku loyeza njinga lisawerengedwe tageti. Za amene alipire sipeya muzikambirana mutamva mmene ngozi idachitikira, pakuti kuzemba mwana pamsewu n'kosiyana ndi kuyendetsa ataledzera. Koma amene wabisa n'kupezeka pambuyo pake, ameneyo ndiye alandidwe makiyi. Mukatero mwapanga kuulula kukhala kotchipa kuposa kubisa. Pa tageti iliyonse patulani kachigawo, kaya mukasunga ku banki m'khonde kaya pa foni, kakhale ka masipeya basi, osati ka fetereza. Ndipo Lolemba madzulo, msika usanafike, patulani mphindi zisanu: sisitani mapaipi ndi chala, imani kutsogolo muone ngati chiwongolero ndi tayala zikugwirizana, gwirani buleki mukanikize. Njingayo ndi yanu, osati ya mnyamatayo.

Kwa inu ogulitsa masipeya

Apa pali geni imene ambiri sakuiona. Kampu ya Dzaleka idatsegulidwa mu 1994 ndipo idakonzedwera anthu osapitirira 12,000, koma lero muli anthu oposa 50,000, makamaka ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Pakati pawo pali amisiri odziwa njinga, ena adaphunzira ntchitoyi kwawo kumene pikipiki zidafala kale ife tisanazizolowere. Koma malamulo salola othawa kwawo kutuluka m'kampu popanda chilolezo, ndipo chiyambire 2023 pamene boma lidabweza ku Dzaleka amene ankakhala m'matauni, nkhaniyi idakhwima. Mmisiri wotere sangangodzuka n'kupita ku Lilongwe kukasankha paipi. Amagwiritsa ntchito chimene chili pafupi. Chikasowa, kasitomala amathawira kwa wa gasi.

Choncho inu amene mumapita kukapikula, funsani amisiri a m'kampu ndi a kunja kwake kuti njinga zochuluka pa siteji ndi ziti, mubweretse mapaipi, maseal, mabering'i a pakhosi ndi oyilo wa mashoko za mitundu imeneyo. Mapaipi amasiyana kukula ndi kutalika, ndipo seal ili ndi manambala ake, choncho uzani kasitomala abwere ndi chakalecho muyerekeze. Ngati n'kotheka gulitsani paipi payokha, osaumiriza munthu kugula mashoko athunthu. Oyilo mutha kumuyeza pang'onopang'ono monga timachitira ndi mafuta ophikira, bola akhale weniweni. Sungani kagalasi pa kauntala, ndipo paipi iliyonse, yatsopano kapena yakale, muigubuduze kasitomala akuona. Mukakhala ndi masipeya a mitengo iwiri, nenani poyera kusiyana kwake. Pa siteji mbiri imayenda msanga kuposa njinga, ndipo shopu imene idagulitsa paipi yowongola ndi moto itapakidwa polishi anyamata amauzana tsiku lomwelo.

Kwa inu okwera ndi katundu

Inu amayi a tomato, a mazira, a mandasi, simukufunika kukhala amisiri. Musanamange katundu, onani zinthu zitatu. Choyamba, mapaipi onyezimira aja: ngati ali onyowa ndi oyilo, kapena amangidwa kansanza kobisa kudontha, funani njinga ina. Chachiwiri, imani kutsogolo muone ngati tayala ndi chiwongolero zikuyang'ana kumodzi. Chachitatu, nenani mwaulemu kuti, "Achimwene, tagwirani buleki ya kutsogolo mukanikize ndione." Mashoko abwino amalowa ndi kubwerera mofewa, mwakachetechete. Akagogoda, akakanirira pansi kapena akauma ngati mtengo, musakwere. Woyendetsa akakwiya, kumbukirani kuti mpamba uli m'basiketimo ndi wanu. Mbewa ya manyazi idafera kudzenje.

Nafenso tisiye khalidwe lokakamiza woyendetsa kupachika majumbo pachiwongolero ndi kusanjika thumba pathanki kuti tisalipire ulendo wachiwiri. Katundu wa kutsogolo amakanikiza mashoko mpaka kutsala pang'ono kugunda pansi, ndiye dzenje likabwera palibenso chotsala cholandirira. Ndife tomwe timapinda mashoko amene mawa adzatigwetse.

Ndipo inu amene mukufuna kugula njinga yogwiritsidwapo kale ntchito mukagulitsa mbewu, pitani ndi mmisiri wanu, osati wa wogulitsayo. Penti watsopano pakhosi pokha, paipi yooneka yabuluu kapena yofiirira pamalo amodzi, zipsera za nyundo pansi pa T, ndi tizitsulo toletsa chiwongolero kukhota mopitirira titaduka kapena kuwotchereredwa, zonsezi zikukuuzani mbiri imene mwini wake sakuuzani. Mukaziona, mtengo utsike ndi ndalama yokonzera, apo ayi isiyeni.

Lachiwiri lapitali ndidadutsanso pa kagalaji kaja. Fundi uja adali atagwada pa Boxer ina, kagalasi kali m'manja, mwini wake ataima pambali akudandaula kuti makasitomala akumudutsa. Galasilo lidakhala bata. Fundi adamanga mabawuti, n'kulandira ya dzanja lake, ndipo bamboyo adanyamuka dzuwa lisanafike pamutu, osagula sipeya ngakhale imodzi. Kuyezetsa sikutanthauza kuti mugula. Kumakuuzani ngati muyenera kugula, ndi chimene muyenera kugula. Sabata yamawa tibwerera ku mitengo ya nyemba ndi soya pa Chezi, pa Mponela ndi pa Ntchisi.